Kaseti ya Ambokile

Lolemba, 6 Juni 1988

Lero madzi atuluka. Ndilembe zimenezi kaye ndisanayambe kudandaula za jenereta. Kabolodi ka mawaya kamene wapanga wophunzira wanga Ambokile Mwafongo kagwira ntchito. Kompyuta yalamula, kaswitchi kalira kuti tha, kapampu kaja tinachotsa m'galimoto yakufa ya amishoni kakoka madzi mu ndowa n'kuthira m'beseni. Beseni litadzadza, kabotolo koyandama kakankha waya, pampu yazima yokha popanda woigwira. Ana anga khumi ndi anayi a chaka choyamba, ena ndevu zili kale m'chibwano, kudumpha ngati a sitandade wani.

Ndi mnyamata yemweyu amene mu Okotobala anagwira chitsulo chowotcherera kumbali yotentha, chipsera chilipobe pachikhatho. Lero pamene wawotcherera iye pamanyezimira, pamene ndawotcherera ine pamangoti mbuu. Sindinamuuze. Mwana ukamuyamikira pamaso amatupa mutu. Ndangoti, “Waya wofiirayo watalika, fupikitsa.”

Akuti tsiku lina adzaika zimenezi ku sikimu ya mpunga ku Hara, anthu asiye kutemana ndi makasu polimbirana madzi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuphunzitsa, wotere sindinamuonepo.

Lachitatu, 8 Juni

Kompyuta imodzi sukulu yonse, jenereta kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, ndiye a Gondwe, mkulu wa sukulu, akufunsa chifukwa chake silabasi ikuchedwa. Ndawauza kuti m'mawa ana amalemba mapulogalamu papepala, ine n'kuchonga, masana aliyense mphindi zisanu ndi zitatu pamakina. Wolakwitsa kadontho kamodzi adikira mawa. Angogwedeza mutu. Iwo anaphunzira zomangamanga, kwa iwo kompyuta ndi taipi yodula.

Febby wamaliza kuloweza mitundu ya marezisita, tizipangizo tating'ono ta m'wailesi tija, koma kuwotcherera amathira mtovu ngati akuthira mchere mu usipa. Ndamubwezetsa katatu. Wang'ung'udza m'Chinkhonde, anzake n'kuseka, ndadziwa kuti ndatukwanidwa mwaulemu.

Titaweruka Ambokile watsalira. Akupempha chilolezo apite kwawo ku Iponga Lachisanu, akathandize kumweta mpunga, abwera Lamulungu. Ndiye akuti atenge kaseti yake. Pulogalamu ikatha timaisunga pa kaseti wamba, yomweyi ya nyimbo, koma ukaiika m'wailesi sumva nyimbo, umangomva kulira ngati nyenje zikwizikwi m'mwezi wa Okotobala. Ndamufunsa kuti ku Iponga kuli kompyuta yanji.

“Kulibe, sala. Koma amalume ali ndi wailesi ya kaseti. Ndikufuna atata amveko zimene ndapanga.”

Ndaseka mpaka misozi. Ndati bambo akowo adzaganiza kuti wailesi yafa. Iye akuti ngakhale choncho, bola amve. Ndamulola. Ndamubwereka ndi kabokosi kanga kuti fumbi lisalowe.

Mkazi wanga Loveness akuti ndimakamba za Ambokile kuposa za mwana ali m'mimbayu. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano, miyendo yayamba kutupa.

Lachisanu, 10 Juni

Jenereta yakana. Mphindi za ana zapita pachabe. Ambokile (ndizingolemba kuti A.) wakwera basi ya masana.

Lolemba, 13 Juni

A. sanabwere. Mpunga ukachuluka anthu amaiwala kalendala. Ndimukalipira mawa, koma pang'ono.

Lachiwiri, 14 Juni

Febby wandipeza kuseri kwa wekishopu. Kondakitala wa basi ndi mlamu wake. Akuti A. sanafike n'komwe kwawo. Pa chipata cha pamsewu kupitirira Kaporo apolisi anatsitsa anthu onse, kusecha zikwama monga amachitira ukamayandikira malire. Anapeza kaseti yopanda dzina la woimba. Anaiika m'wailesi yawo. Atamva phokoso lija anafunsa kuti ndi chiyani, iye akuti ndi pulogalamu yotsegulira madzi. Anamuomba mbama. Basi inanyamuka, iye atakhala pansi pafumbi, nsapato atamuvula.

Masiku anayi. Ine Lolemba ndikukonza zokamukalipira.

Lachitatu, 15 Juni

A Gondwe atseka chitseko cha ofesi, n'kutsekanso zenera. Akuti nkhaniyi ili m'manja mwa anthu aja, apolisi achinsinsi, osati apolisi wamba. Akuganiza kuti ndi uthenga wopita kwa othawa kwawo ali kutsidya kwa Songwe. Akuti tonse tikhale chete, sukulu isatchulidwe.

“A Kachingwe, inu ndinu obwera, tsiku lina mudzabwerera ku Ntcheu. Ife manda athu ali konkuno.”

Ndawauza kuti nkhaniyi ndi yosavuta ngati kumwa madzi. Kutsutsa galu n'kukumba. Andipatse kasetiyo, ndiiike m'makina pamaso pawo, aone okha kuti muli pampu ndi beseni basi. Mphindi zinayi, mwana n'kutuluka. A Gondwe andiyang'ana ngati ndawauza kuti ndikufuna kukasamba padziwe la ng'ona.

Kunyumba Loveness sanakane, sanavomere. Wangoti, “Vuto lanu bambo a kuno, mukayamba kufotokoza simudziwa poimira.” Ndakwiya, ndadya mbatata osamuyankhula.

Bukuli kuyambira lero lizigona m'bokosi la mawailesi akufa.

Lachinayi, 16 Juni

Mpando wa A. palibe waukhudza, ndipo palibe wautchula. Ndati aliyense atulutse kaseti yake tipitirize. Kenan ndiye walimba mtima, akuti yake inasowa. Manase yake inasowanso. Onse khumi ndi atatu, makaseti anasowa tsiku limodzi. Pambuyo pake Febby wandiuza kuti anasolola timalamba tonse n'kukaponya m'chimbudzi. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu.

Ana awa ndinawapeza akuopa kugwira batani kuti makina angaphulike. Ndinawachotsa mantha amenewo mmodzimmodzi, kuwagwira dzanja. Lero akhala manja m'matumba, akuyang'ana makinawo ngati njoka ili pakona. Mtima wandipweteka kwambiri.

Tathera ola lonse kujambula mawaya pabolodi.

Lachisanu, 17 Juni

Abwera awiri mwa anthu aja pa galimoto yoyera. Asecha wekishopu, atenga makope a A., afunsa amene amasunga kiyi. A Gondwe thukuta kamukamu. Ine ndalankhula zanga zija. Wamkuluyo walemba m'kabuku. Akuti Lolemba 9 koloko ndibwere ku boma ndi makina onse.

A Gondwe sanandipatse moni potuluka.

Loweruka, 18 Juni

Tsiku lonse m'wekishopu. Ndapukuta kamutu kowerenga kaseti m'wailesi ndi thonje la sipiriti, ndayeza mawaya onse ndi mita, ndayesa pampu kasanu. Chingwe cholumikiza wailesi ku kompyuta anawotcherera ndi A. mwiniwake. Ndafunafuna polakwika, palibe.

Chimene ndikuopa n'choti kasetiyo ikhoza kukana. Mwina yakhala padzuwa, mwina aizunguza ndi cholembera. Ikangodumpha pang'ono makina amakana zonse. Mulungu, ingowerengekani kamodzi kokha.

Lamulungu, 19 Juni

Kutchalitchi apempherera odwala, apaulendo, ndi atsogoleri athu. Dzina la A. silinamveke. Ndinayang'ana abusa, iwo anayang'ana m'buku la nyimbo.

Lolemba, 20 Juni

Sindikudziwa poyambira. Ndilemba monga zinachitikira.

Ndinafika ndi thirakitala ya mishoni, makina nditawafungatira pamiyendo mu bulangete. Chipinda chaching'ono, tebulo, mipando itatu, chithunzi chija pakhoma. Bwana wake munthu wofatsa, wa magalasi, Chichewa chake cha kwathu komwe. Anandifunsa za ku Ntcheu, ngati mbatata ya kachewere inachita bwino chaka chino. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinalumikiza zonse, ndinapempha ndowa ya madzi ndi beseni, msilikali anabweretsa akuseka.

Kenako anamulowetsa A. Wopanda nsapato, mutu atamumeta mwachigamba, mlomo wam'munsi wotupa. Malaya omwe aja anakwera nawo basi. Sanandipatse moni. Anayang'ana wailesi n'kunena motsitsa, “Sala, voliyumu ikhale pa seveni. Pa sikisi imakana.”

Ndinaika pa seveni. Bwana anatulutsa kaseti mu envelopu, ili m'kabokosi kanga kaja. Phokoso linayamba. Mphindi zinayi zitatha, mawu anatuluka pagalasi, oyera bwinobwino: MUNDA WOYAMBA, TSEGULA MADZI. Kaswitchi kanalira, pampu inakoka, beseni linadzadza, pampu inazima. Msilikali anaomba m'manja. Bwana anavula magalasi n'kuseka, akuti abwerezenso. Tinabwereza. Ndinamuyang'ana A., ndinaona kuti nayenso akuganiza kuti zatha.

Ndiye bwana anakoka mpando kuyandikira.

“Aphunzitsi, mawu onsewa anali m'phokoso lija?”

“Onse, bwana.”

“Zodabwitsa. Zimatheka bwanji?”

Apa ndi pamene ndinayenera kunena kuti sindidziwa bwino, ndi nzeru za azungu, makina amangochita okha. Koma munthu anafunsa funso labwino, ndi nkhope ya mwana wofuna kudziwa, ndipo ine chaka chonse ndimalira kuti wina wamkulu andifunse funso limeneli. Ndinaimirira. Ndinapempha pepala. Ndinamuonetsa kuti chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, nambalayo imasanduka timaphokoso tiwiri, kokwera ndi kotsika, ndipo khutu la munthu silingasiyanitse koma makina amasiyanitsa. Anafunsa ngati ndi mawu a pampu okha. Ndinati ayi, mawu alionse. Ndipo kuti amvetse bwino, ine Morton Kachingwe, popanda wondikakamiza, ndinatenga kaseti yanga yopanda kanthu, ndinalemba pamakina kuti MONI BWANA MULI BWANJI, ndinasunga, ndinazimitsa makina, ndinamumvetsa phokoso, ndinayatsanso, moni uja n'kutuluka pagalasi. Ndinali kumwetulira. Ndikukumbuka bwino kuti ndinali kumwetulira.

Bwana sanaseke ulendo uno.

“Ndiye kuti kalata yonse ikhoza kulowa umu.”

“Ikhoza, bwana.”

“Munthu n'kudutsa nayo pachipata, ife n'kumangomva nyenje.”

Anapitiriza.

“Ndipo wina wokhala ndi makina ngati awa kutsidya kwa Songwe akhoza kuwerenga.”

Ndinati m'kasetiyi mulibe kalata, mwaona nokha. Iye anati waona zimene makina anga amuonetsa, za makina ena sakudziwa. Anavalanso magalasi, anatsegula cholembera.

“Funso lomaliza, aphunzitsi, muyankhe mosamala. Ndinu munthu wa kwathu, ndipo ndamva kuti mayi kunyumba ndi oyembekezera. Mnyamatayu zimenezi angathe yekha, inu palibe? Kapena amangokopera zimene inu mwamupatsa?”

Pamenepo ndinamva zonse. Ndikanati ndi mwana wa chaka choyamba, sadziwa kanthu, amangolemba zimene ndamulembera pabolodi, kasetiyo ikanakhala yanga. Mwina akanamumasula, mwina akanatisunga tonse awiri, sindikudziwa. Ndinaona miyendo yotupa ya Loveness. Ndinaona thirakitala ikubwerera kusukulu kwathu ku Mlare yopanda ine.

Ndinati, “Anapanga yekha, bwana. Ine sindinagwirepo. Mwanayu ndi wanzeru kuposa ine.”

Palibe bodza ngakhale limodzi m'mawu amenewo. N'chifukwa chake anatuluka mosavuta.

A. anadzutsa mutu. Mawu amenewo sindinamuuzepo chiyambire, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inawala, mlomo wotupawo n'kuyamba kumwetulira. Kenako anaona bwana akulemba. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono, akundiyang'anabe. Pomutulutsa anapatuka kuti asaponde chingwe chake chija chinali pansi.

Bwana anandiwerengera mawu anga, ndinatulutsa cholembera m'thumba n'kusaina. Makina atsala komweko. Anandithokoza chifukwa chothandiza boma.

Lachiwiri, 21 Juni

Sindinapite kukalasi. Ndauza a Gondwe kuti ndi malungo.

Lachitatu, 22 Juni

Loveness ndamuuza zonse, osasiyako. Anali kusankha nyemba. Sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena. Wangosiya lichero n'kukhala nthawi yaitali atagwira mimba, kenako akuti, “Ndiye wam'mimbayu mwamugula ndi mwana wa eni ake.” Walowa m'nyumba.

Ndikudziuza kuti bwana uja anali atagamula kale ine ndisanafike. Ndikudziuza kuti ngakhale ndikananama sakanamumasula. Mwina ndi zoona. Koma moni uja palibe anandipempha.

Lachinayi, 23 Juni

Febby akuti lole inanyamuka dzulo m'mawa kulowera kummwera, A. ali momwemo. Kumene apita palibe akudziwa, ndipo palibe angafunse.

A Gondwe ayambanso kundipatsa moni. Akuti ndapulumuka pakamwa pa mkango, ndikapereke chopereka kutchalitchi. Kalata yabwera yoti phunziro la kompyuta liimitsidwe kaye. Ndiziphunzitsa kulumikiza magetsi a m'nyumba.

Ana akundiyang'ana mwaulemu wachilendo. Mbiri yafala kuti ndine ndekha amene ndinapita kukamulankhulira. Kenan wandinyamulira choko mpaka kukalasi. Patebulo pamene pankakhala makina patsala malo oyera a makona anayi pakati pa fumbi, ndipo Manase wawapukuta ndi malaya ake kuti ndisawaone. Ndikanakonda akanandilavulira.

Loweruka, 25 Juni

Cha m'ma 10 koloko ndikukonza mpando pakhonde, ndaona mkulu wina akubwera kuchokera kumsewu, thumba pamutu. Wamtali, wowonda, jekete lakuda lothetheka m'zigongono. Mayendedwe okha ndinadziwa. Bambo ake a A., a Mwafongo. Anyamuka ku Iponga ndi basi yoyamba.

Atula thumba pakhonde, mpunga watsopano, fungo lake mpaka m'nyumba. Mpando akana, akhala pa sitepe, chipewa pabondo. Loveness wawapatsa madzi n'kukaima kuseri kwa chitseko. Chichewa chawo n'chothyokathyoka, chosakaniza ndi chakwawo, koma chomveka.

Akuti ku boma apita katatu, awabweza pageti. Abale awo ena asiya kubwera pakhomo. Ndiye anamva kuti pa anthu onse, mwalimu yekha, mphunzitsi mlendo wa ku Ntcheu, ndiye ananyamula makina kupita kukaima pamaso pa akuluakulu.

“Ndaga fijo, zikomo kwambiri, a mwalimu. Ine ndilibe kanthu, mpunga wokha uwu. Mwana akanamweta yekha uwu, koma sanafike.”

Ndinati sindingalandire. Iwo anati ndikakana ndiye kuti ndawatukwana.

Kenako anafunsa chimene abwerera. Amake a A. sakudya. Akufuna kudziwa ngati ndinamuona, ndi chimene ndinawauza akuluakulu aja. Ndinati ndinamuona, akuyenda yekha, akulankhula. Za mlomo sindinanene.

“Nanga imwe mukawauza vichi? Mundiuze mawu ake enieni, nkawauze amake.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonse, za moni uja, za funso lomaliza, za njira ziwiri zija. Ndinayang'ana manja awo, ong'ambika ndi chikwakwa, akupotokola chipewa. Chimene chinatuluka ndi mawu okhawo.

“Ndinawauza kuti anapanga yekha. Kuti mwana wanu ndi wanzeru kuposa ine.”

Anasiya kupotokola chipewa. Kenako anafunsa motsitsa, “Kuposa imwe, a mwalimu?”

“Kuposa ine.”

Anaika chipewa pansi n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu. Akuti tsopano mtima wawo wakhala pansi. Akuti akuluakulu amva okha kuchokera kwa mwalimu, ndipo munthu wanzeru chotero boma silingamusunge nthawi yaitali, lidzamufuna pantchito. Kuseri kwa chitseko ndinamva Loveness akuchoka, kulowera kuchipinda.

Basi yobwerera inali pafupi. Ataimirira anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, akuti mutu wawo wakalamba, angaiwale panjira. Ndiwalembere mawuwo, mwana wa mlongo wawo akawawerengere amake, ndipo akawasunga m'Baibulo mpaka mwiniwake adzabwere adzawerenge yekha.

Ndinatsamiritsa pepalalo pa thumba la mpunga n'kulemba. Analiyang'ana nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga, kenako analoza pansi pake ndi chala, akuti ndiikepo dzina langa kuti anthu akhulupirire. Ndinasaina, ndi cholembera chomwe chija cha Lolemba.